Yankho kwa msuweni pa za masitolo a ku Tete

Eee, msuweni, ndaliona funso lako m'gulumu. Akuti kuno ku Tete zinthu n'zotsika mtengo kuti, ku Shoprite, ku VIP kapena kumsika wa Kwachena. Iweyo kufunsa mtengo wa sopo? Chikwatirireni unagulapo ngakhale mchere iwe? Mlamu akumva, ayankhe yekha. Dikira ndikhale pansi, ndangotsika chapa, minibasi ija, ku Matundo kuno, dzuwa lake lija ukulidziwa.

Chabwino. Masitolo akuluwa amalimbana ndithu, makamaka mwezi ukamatha. Uyu akatsitsa mpunga wa makilo 25, winayo mawa watsitsa mafuta a malita 5, mapepala a mitengo ali mbwee pakhomo. Kuli a ku China, kuli maarimazeni ogulitsa chipiku. Koma onsewo akukanganirana munthu mmodzi, wa malipiro a pamwezi, wa galimoto, wa firiji kunyumba. A kumigodi ya ku Moatize, a m'boma, a ku fodya. Enafe timalowamo, inde, koma ena amangolowera kamphepo kozizira kaja, kunja kukafika madigiri 40, n'kutuluka ndi buledi mmodzi. Ndipo mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, zambiri za pa Kwachena zimatsika kwanu komweko, ku Angónia ndi ku Tsangano. Ndiye ukufunsa ine mtengo wa zinthu zochokera kuseri kwa nyumba yako?

Ayi, funso lako si limenelo. Ndikudziwa.

Ukuwakumbukira bambo aang'ono, amalume akotu iwe, a ku Moatize? Nthawi ija kampani ya migodi ya Vale itayamba kutulutsa malasha, 2011, tawuni yonse inatupa. Anthu ochokera ku Beira, ku Maputo, ku Zimbabwe, nyumba ya zipinda ziwiri lendi yake ngati ya hotela. Iwowo atagulitsa ng'ombe zija, zija zinadanitsa anthu zija, tisazibwereze, anatsegula banka, kagolosale kaja, pafupi ndi msewu. Inkayenda bwino zedi. Sopo ankadula zidutswa ndi mpeni, mafuta ankayeza ndi kachitsekero ka botolo n'kuthira m'kapulasitiki, shuga womanga wa tiyi wa m'mawa umodzi. Mayi akagula nyemba, iwo n'kuwonjezera kadzanja ka basela. Kope la ngongole linali lakuda ndi mafuta, pensulo yomangirira ndi ulusi ku msomali.

Ndiye anapita ku South Africa, ayi, ndanama, kunali ku Blantyre, anadzera pa Zóbuè, ulendo uja anakaona maso. Anabwerako atatengeka. Akuti malonda amakono munthu amadzitengera yekha pa shelefu. Anagumula kauntala, anaitana kalipentala, mashelefu mbali zonse, timadengu ta pulasitiki pakhomo. Firiji ziwiri zapangongole. Anadzazamo majuwisi a m'makatoni, tchizi, masoseji. Pakhoma analemba ndi penti yofiira kuti ngongole palibe. Amayi aang'ono anawauza, ine ndili pomwepo ndikusenda mtedza, kuti bambo, anthu a m'bairo muno ndi omwe aja, sanasinthe chifukwa mwasintha mashelefu. Iwo anangoti mkazi sadziwa bizinesi.

Mmm. Amene anali ndi ndalama za tchizi ankakwera galimoto n'kuwoloka Zambezi kukagula mumzinda, ndipo mlatho wa Kassuende utatsegulidwa mu 2014 magalimoto akuluakulu anachepa pa wa Samora Machel, kuwoloka kunaphweka. Amene analibe anasamukira kwa mayi wina woyandikana nawo, wa katebulo chabe pansi pa mtengo wa msawu, chifukwa iyeyo ankayezabe mafuta a mametikali ochepa n'kulemba m'kope. Firiji za bambo aang'ono zinkangodya mayunitsi a magetsi a Credelec usiku ndi usana, masoseji n'kutha masiku ali momwemo. Tinadya masoseji ife mwezi umenewo, iwenso unalipo patchuthi, usakane, unkabwereza kawiri.

Koma chimene ndimawalemekezera bambo aang'ono n'choti sanachite manyazi. Anagulitsa firiji imodzi, anabwezeretsa kauntala, anafufuta penti ija ndi laimu. Anayenda khomo ndi khomo kupepesa makasitomala akale. Munthu wamkulu ngati uja. Malasha atagwa mtengo, anthu n'kuchotsedwa ntchito, mpaka Vale kugulitsa mgodi kwa kampani ya Vulcan mu 2022, banka ija inali chitsegukire. Ndi imene inalipira sukulu ya ana onse aja, kuphatikizapo wa ku Chimoio.

Ndiye tamvera, mwamuna wanga wa chisuweni. Ndamva zimene mukunong'onezana kwanu ku Ulónguè, zoti tawuni ikukula, sitolo yaikulu ibwera, mabanka afa. Ndipo ndamvanso, usafunse kuti kwa ndani, kuti ukuwanyengerera azakhali, mayi akowo, agulitse banka yawo, ndalamazo ugule njinga yamoto ya takisi. N'chifukwa chake ukufuna ndinene m'gulu muno kuti masitolo akulu ndi otchipa, kuti ukawamvetsere mawu anga. Sindinena.

Banka ya azakhali musagulitse. Sitolo yaikulu ikabwera idzalimbana ndi sitolo inzake ndi maarimazeni, osati ndi iwo. Sidzakudulira sopo pakati. Sidzatsegulira munthu zenera usiku mwana akafuna kandulo. Sidzamudikira mlimi wa ku Dómuè mpaka alandire za fodya. Mwinanso idzawathandiza, tsiku lotsitsa mitengo akagula katoni n'kudzagulitsa kamodzikamodzi, kuno amayi ambiri amatero.

Chimene chingaigwetse banka ija ndi kope la ngongole. Ndinaliona nthawi ya maliro, masamba ambiri ndi a pachibale, ndipo dzina lako lilimo, la mlamu lilimo, langanso linalimo koma ndinalipira pa foni, pa e-Mola, azakhali achitire umboni. Chachiwiri ndi mabanka anzawo amene achuluka mumsewu womwewo, onse akugulitsa zofanana. Pamenepo ndiye pofunika mutu wako. Uziwayendera mitengo, uziona kuti sabata ino kwacha n'metikali zili bwanji, chifukwa nthawi zina katundu wa m'malire a Malawi, pa Calómuè kapena pa Lizulu, amatuluka bwino kuposa wokwera naye kuchokera kuno, ukawerengera chapa.

Njinga ndikudziwa ukuifuna, ndipo si maganizo oipa, anyamata akudya nazo. Tikambirane patokha, pali chilimba chathu cha kuno, mwina ungalowe. Koma isachokere m'thumba la mayi ako. Amadzuka m'bandakucha chifukwa cha banka ija, ndi imene yawagwira mtima chichokereni atsibweni.

Ndabwerezanso, achimwene a ku Beira amvenso poti amangowerenga osayankha: banka isagulitsidwe. Iwe yamba walipira ngongole yako Loweruka lino, enawo aona. Ndipo chapa ya Lachisanu unditumizireko nyemba zofiira zija, ndalama ndikuponyera pa M-Pesa madzulo ano.