MongoDB ikukana kulowa pa Ubuntu 22.04, akuti libssl1.1 palibe: yankho kwa mwerengi wathu

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa awerengi, dzina sinditchula. Funso lake ndaliika pano mwachidule chifukwa ndikudziwa kuti si iye yekha amene zamuonekera:

"Bwana, ndatenga seva yatsopano ya Ubuntu 22.04 ndipo ndikufuna kuikapo MongoDB 5.0 poti ndi imene pulogalamu yathu ikugwiritsa ntchito pa seva yakale ya 20.04. Ndatsata malangizo omwe aja ndinatsata kale koma ikungondiuza kuti mongodb-org-server : Depends: libssl1.1 but it is not installable, kenako pansi pake E: Unable to correct problems, you have held broken packages. Ine sindinagwire package iliyonse. Ndapanga apt --fix-broken install kangapo konse palibe chikusintha. Ena akuti ndingodawuniloda libssl1.1 ya Ubuntu yakale ndiiike pamanja. Nditero?"

Achimwene, musatero kaye. Zikomo kuti mwafunsa musanachite, komanso kuti mwakopa uthenga wonse wa error mmene uliri, chifukwa yankho lili momwemo.

Pulogalamu ngati MongoDB, imene ndi database yosungira deta, siyenda yokha, imadalira ma library ena, timapulogalamu tothandizira, amene ali kale mu system, ndipo package iliyonse ya .deb imabwera ndi mndandanda mkati mwake wa zimene ikufuna kuti igwire ntchito, ndiwo a Depends mukuwaonawo. Mukalemba apt install, apt, chida choikira mapulogalamu pa Ubuntu, amawerenga mndandandawo nkuyamba kusakasaka m'ma repository onse, nkhokwe za ma package, amene seva yanu ikuwadziwa. Ndiye pali mawu awiri amene apt amakonda kuyankha, amaoneka ofanana koma si amodzi ayi. Akati "but it is not going to be installed" ndiye kuti chinthucho chilipo, wachiona, koma pali china chikutchinga, kaya ndi package ina imene ikukangana nacho kaya version yake siyikugwirizana. Koma akati "but it is not installable" ngati mmene wakuuzirani inumu, ndiye kuti wafufuza paliponse ndipo dzina limenelo sanalipeze nkomwe. Mungapange fix-broken mpaka mawa, sangaike chinthu chimene kulibe.

Nanga bwanji kulibe? Ubuntu 20.04, imene dzina lake lina ndi focal, inkabwera ndi OpenSSL 1.1.1, library yobisa deta ikamadutsa pa netiweki, ndipo package yake inali libssl1.1. Ubuntu 22.04, jammy, itatuluka mu April 2022 anasamukira ku OpenSSL 3.0, package yake ndi libssl3, yakale ija anaichotseratu. Pamene MongoDB 5.0 anaimangira focal ndi ma Ubuntu a m'mbuyo, ya jammy sanatulutse. Ndiye ndili ndi chikhulupiriro kuti mukayang'ana fayilo imene munapanga potsata malangizo aja mupezamo mawu oti focal. Tayesani izi:

cat /etc/os-release
grep -r mongodb /etc/apt/sources.list.d/

Yoyambayo ikuuzani kuti jammy, yachiwiriyo ikuonetsani focal/mongodb-org/5.0. Vuto lanu lonse ndi limeneli basi, mukuuza seva ya 22.04 kuti itenge katundu amene anapangira 20.04. Seva siyinaonongeke, apt naye sanalakwe, akukuuzani zoona.

Za held broken packages zija musade nazo nkhawa. Uthenga umenewu umasokoneza anthu ambiri chifukwa umamveka ngati mwagwira package inayake dala, koma apt amangoutulutsa nthawi zambiri akalephera kupeza njira, ngakhale pasakhale chogwiridwa chilichonse. Mukafuna kutsimikiza lembani apt-mark showhold, ikabwera yopanda kanthu ndiye kuti nkhani imeneyo yatha.

Pa apt --fix-broken install ndiime pang'ono chifukwa anthu amaitenga ngati mankhwala a matenda onse. Ntchito yake yeniyeni ndi kumalizitsa zimene zinatsala panjira, makamaka munthu akaika .deb pamanja ndi komandi ya dpkg -i, poti dpkg satenga ma dependency, zofunikira za pa Depends zija, amangomasula package nkuisiya choncho yosamalizika. Ndipo ikaona kuti singamalizitse, njira ina imene imasankha ndi kuchotsa. Ine ndinaonapo seva imene munthu anangodina Y osawerenga, pamndandanda wa zochotsedwa panali database imene inkagwira ntchito nthawi yomweyo, deta sinapite koma ntchito inaima masana onse anthu akudikira. Chiyambire tsiku limenelo sindidina Y ndisanawerenge pamene palembedwa The following packages will be REMOVED, ndipo ngati ndikukayika ndimayamba ndi apt-get -s install, -s ameneyo amangoonetsa zimene zichitike osakhudza kanthu. Komanso mukakhala ndi fayilo ya .deb m'manja, bola kulemba apt install ./dzina.deb kusiyana ndi dpkg -i, kadontho ndi kamzere kakutsogoloko musakaiwale, apt amatenga yekha zofunikira zonse.

Tsopano funso lanu lenileni, lodawuniloda libssl1.1 ya focal nkuiika pamanja. Sindikunamizani, zimatheka, MongoDB ilowa ndipo idzuka, nchifukwa chake malangizo amenewa afala chonchi pa intaneti. Koma taganizirani kuti library imeneyi ntchito yake ndi yotani. Ndi imene imabisa zimene zikudutsa pakati pa database ndi pulogalamu yanu mukamagwiritsa ntchito TLS, ma password ndi deta ya anthu zimadutsa m'manja mwake. Eni ake a OpenSSL anasiya kukonza 1.1.1 kwa anthu wamba pa 11 September 2023. Ubuntu 20.04 nayo nthawi yake ya chithandizo chanthawi zonse inatha mu May 2025. Ndipo package yoika pamanja ilibe repository kumbuyo kwake, kutanthauza kuti mungapange apt upgrade tsiku lililonse iyo sidzasintha, idzakhala pompo mmene munaiikira, bowo likadzapezeka palibe adzalitseke, inuyo mudzakhala mutaiwala kalekale kuti munaikapo chinthu chotere. Izi zimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa error imene mukuionayi, chifukwa error imaoneka pomwe ili ndi vuto losaoneka.

Ena amapitirira apo, amawonjezera repository yonse ya focal pa seva ya jammy kuti apt adzipezere yekha. Walira mvula walira matope, mwafuna library imodzi koma mwatsegulira ma package masauzande a Ubuntu ina, ndipo tsiku lina mukadzafuna kuika chinthu china chosakhudzana nkomwe ndi MongoDB mudzakumana ndi ma error osamvetsetseka. Za dpkg --force-depends ndiye musaziganizire nkomwe. Imangouza dpkg kuti atseke maso, library ija ikhalabe kulibe, mongod, pulogalamu imene imayendetsa database, sadzuka, ndipo apt azikana kuchita china chilichonse mpaka mutakonza.

Chinanso chimene mwina simunachiganizire, MongoDB 5.0 yeniyeniyo nayo eni ake anasiya kuithandiza mu October 2024. Ndiye mukulimbana kuti muike pulogalamu yotha nthawi pamwamba pa library yotha nthawi, pa seva yatsopano imene mwangoilipira kumene. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga error imeneyi ngati mpata wosamukira.

Mmene ndikanachitira ndi chonchi. Pa seva yatsopano chotsani fayilo ya focal ija mu /etc/apt/sources.list.d/, muike ya version imene ili ndi ma package a jammy, 7.0 ilipo, 8.0 ilipo, mzere wake uzikhala ndi jammy/mongodb-org/7.0 kapena 8.0. Kumbukirani kuti version iliyonse ili ndi kiyi yakeyake yosainira, mukasiya ya 5.0 apt update idandaula kuti NO_PUBKEY, ndipo kiyiyo muiike mu /usr/share/keyrings/ nkuilozera ndi signed-by chifukwa apt-key yakale ija akuisiya. Mukatero:

apt update
apt policy mongodb-org

Komandi yachiwiriyi ndimaikonda kwambiri ndipo anthu ambiri saigwiritsa ntchito. Imakuonetsani version imene apt akufuna kuika, pa mzere wa Candidate, ndi kumene ikuchokera. Mukaonabe focal pamenepo ndiye kuti pali fayilo ina yatsalira penapake, ifufuzeni musanapitirire.

Koma ntchito yaikulu ili pa deta, ndipo apa ndi pamene muyenera kudekha. MongoDB salola kudumpha, kuchoka pa 5.0 mumapita pa 6.0 kaye, kenako 7.0, kenako 8.0 ngati mukufuna, ndipo pa sitepe iliyonse mumakweza featureCompatibilityVersion, setingi imene imauza database kuti iziyendera version iti, musanapite patsogolo. Mwayi wanu ndi woti seva yakale ija idakalipo ndipo 6.0 ndi 7.0 zonse zili ndi ma package a focal. Ndiye kukweza konseko mutha kuchitira komweko ku 20.04, kapena bwino kuposa apo pa kope lake ngati mungathe kupanga snapshot, mukafika pa version yofanana ndi ya seva yatsopano ndi pamene mukusamutsa ndi mongodump ndi mongorestore. Musanakhudze chilichonse pangani bakapu, muikopere kwina kunja kwa sevayo, ndipo muiyese kuibwezeretsa pamalo ena kuti muone ndi maso anu kuti ikutseguka. Ndikunenetsa pamenepa chifukwa bakapu zambiri zimadziwika kuti nzosagwira tsiku limene zikufunika.

Musaiwalenso pulogalamu yanu. Driver imene imalankhula ndi database ikakhala yakale kwambiri imatha kukana 6.0, ndiye funsani amene analemba pulogalamuyo kuti akugwiritsa version yanji, muyese kaye pambali. Komanso kuyambira 6.0 shell yakale ya mongo kulibe, ndi mongosh, ngati muli ndi ma script a usiku amene amaitana mongo adzangoima mwakachetechete.

Ndikudziwa kuti mwina abwana anu akufuna zinthu zidzuke Lolemba ndipo zokweza ma version sizingatheke sabata ino. Zikatero njira yachilungamo ndi Docker, chida choyendetsera pulogalamu m'bokosi lakelake lotchedwa container. Image ya mongo:5.0 imabwera ndi ma library ake onse mkati, sikhudza za seva yanu, ndiye Ubuntu 22.04 ikhala yoyera mmene ilili. Muike deta pa volume kuti container ikachotsedwa isapite nayo. Ndipo chonde chonde samalani ndi port. Mukalemba -p 27017:27017 Docker amatsegula port imeneyo ku dziko lonse ndipo amalambalala malamulo a ufw, firewall ya Ubuntu, inu nkumaganiza kuti firewall ikukutetezani. Lembani -p 127.0.0.1:27017:27017 ngati pulogalamu ili pa seva yomweyo, muyatsenso authentication. Ma database a MongoDB osiyidwa poyera akhala akufufutidwa ndi akuba ofuna dipo kwa zaka zambiri, sinkhani yongoopseza ayi. Koma Docker siyikusintha zoti 5.0 inatha nthawi, ikungokugulirani masabata angapo, ndiye lembani tsiku losamukira pa kalendala.

Kanthu kena kakang'ono poti seva ndi yatsopano. Kuyambira 5.0, MongoDB imafuna purosesa yokhala ndi AVX, gulu la malangizo apadera a mu purosesa. Mukaika zonse bwinobwino koma mongod nkumafa ndi mawu oti Illegal instruction, musayambenso kusaka ma package, lembani grep avx /proc/cpuinfo. Ma seva ena a virtual amabisa AVX ngakhale makina enieniwo ali nayo, zimenezo amakonza ndi amene akukubwereketsani sevayo.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi database ina, matenda ndi omwewa, amangosintha dzina. Pa Ubuntu 24.04 anthu ambiri oika ma package akale a MySQL amakumana ndi libaio1 is not installable, chifukwa library imeneyo anaisintha dzina kukhala libaio1t64 pokonzekera vuto la nthawi la chaka cha 2038. MySQL 5.7, imene inatha nthawi mu October 2023, nayo ilibe ma package a jammy. Pamene "not going to be installed" ija mudzaiona kwambiri pa seva imene inalipo kale ndi MariaDB inu nkumafuna kuikapo MySQL, ziwirizi zimakangana ndipo zonse zimasunga deta mu /var/lib/mysql, ndiye musanachotse ina ndi purge kopani foda imeneyo kaye ndipo muwerenge bwino funso limene likubwera pa sikirini. A Rocky Linux 8 ndi AlmaLinux 8 vuto lawo limakhala ma module, mukawonjezera repository ya MySQL kapena PostgreSQL kuchokera kwa eni ake muyenera kupanga dnf module disable mysql kapena postgresql kaye, apo ayi dnf amabisa ma package atsopanowo. Ndipo nthawi zina nkhani imakhala yaing'ono zedi, seva yangodzuka kumene munthu sanapange apt update, kapena gawo la repository ya Ubuntu lotchedwa universe silinayatsidwe.

Achimwene, mukapanga ma komandi aja mundilembere zimene zatuluka pa grep ndi pa apt policy, mukope zonse osadula, mundiuzenso version ya driver ndi kukula kwa database yanu. Ngati ndi yaikulu kwambiri mongodump ingatenge maola ambiri, ndiye tidzakambirane zolowetsa seva yatsopanoyo mu replica set, gulu la ma seva a MongoDB amene amakoperana deta, kuti deta isamuke yokha pulogalamu isanaime.