Kodi zimene timatumizirana m'magulu zimafikadi kwa atolankhani?

Achimwene, mwafunsa ngati zithunzi ndi mauthenga amene timatumizirana pakagwa ngozi zimasintha zimene timamva pa wailesi. Zimasintha ndithu, kungoti si nthawi zonse pamene zimakomera ovutikawo.

Chivomezi chikamachitika mtolankhani sakhala pamalopo. Amayamba ndi foni yake, kufufuza zimene anthu aponya, ndipo kumene kwachokera zithunzi zambiri ndi kumene mkonzi amatumiza galimoto. Ubwino wake unaoneka ku Haiti chivomezi cha pa 12 January 2010 chitachitika. Anthu ankatumiza mauthenga pa nambala ya 4636, odzipereka n'kumawamasulira ndi kuwaika pa mapu a Ushahidi, pulogalamu imene inapangidwa ku Kenya mu 2008. Ku Turkey, pa chivomezi cha mu February 2023, ena ali pansi pa nyumba zogumuka ankalemba pa Twitter dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, batire ikutha.

Bodza nalo limadutsa khomo lomwelo. Mphepo yamkuntho ya Sandy itafika ku New York mu October 2012, munthu wina analemba kuti madzi adzaza m'nyumba ya msika wa masheya ya New York Stock Exchange. Wailesi yakanema ya CNN inaulutsa, kenako n'kubweza mawu. M'nyumbamo munali mouma.

Koma ine bodza silindidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa pakapita maola angapo limagwidwa. Chimene chimandiwawa ndi malo amene angoti zii. Kumene madzi akokolola mlatho ndi kugwetsa mapolo a magetsi, netiweki imathanso. Mayi amene wagona mumtengo ndi mwana kumsana sajambula kanthu, foni inapita ndi madzi. Pamene m'tauni, msewu umodzi wosefukira ujambulidwa ndi anthu makumi awiri, aliyense mbali yake, mpaka kumaoneka ngati ngozi yonse yagwera pamenepo. Atolankhani athamangira komweko, opereka chithandizo nawo n'kutsatira makamera. Ovutika zenizeni aja nkhani yawo imadzamveka patapita masiku, ife tayamba kale kukambirana za mpira.

Ndiye chithunzi chikakupezani, musanachitumize funsani kaye kuti chajambulidwa kuti ndiponso liti. Zina zimakhala za chaka china, dziko linanso. Ndipo ngati muli ndi wachibale kudera limene foni yasiya kulowa, lembani dzina la deralo m'gulu muno, mutchule tsiku limene munalankhula naye komaliza. Atolankhani ena ali muno, amangowerenga mwakachetechete.