Mayi, muloleni apite, koma afunse kuti nyumbayo inamangidwa liti

Kalata ya mayi wina wa ku Zomba yagona mu imelo yanga masiku asanu. Mwana wawo wamkazi wapeza mwayi wa sukulu ku Istanbul, m'dziko la Turkey, koma amalume ake atemetsa nkhwangwa pamwala: si kuja tinkaona pa TV nyumba zitafumbutuka ngati mabisiketi ndi chivomerezi? Funso la mayiwo ndi limodzi: ndimulole?

Pepani mayi, ndachedwa chifukwa mwandigunda pabala.

Mu December 2009 ndinali ku Karonga, ndikuchita lendi kanyumba ka njerwa zowotcha koma zomangira dothi. Chivomerezi chinagwedeza pa 6, n'kubweranso pa 8, tonse tinasamukira pansi pa mtengo wa mango, maneti titamangirira kunthambi, mvula ikutikhuthukira. Usiku wa pa 19 udzudzu unandikwana. Ndinati basi zatha izi, n'kulowa m'nyumba. Cha m'ma 1 koloko kunamveka kulindima ngati lole ya miyala ikudutsa kunsi kwa bedi. Malata phokoso, mbale gwegwede. Chitseko chinakana kutseguka, felemu itapotoka, ndipo ndinatulukira pawindo ndili ndi kabudula yekha. Kutacha ndinapeza njerwa za chipupa cha kumutu zitaunjikana pa pilo wanga. Nyumba ya aneba, yomwe inali ndi ring'i bimu (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa zipupa), inangochita ming'alu. Mtunda wake? Mapazi khumi basi. Nthaka yomweyo, usiku womwewo.

Chimenecho chinali cha 6.0 pa sikelo yoyezera zivomerezi. Cha ku Turkey cha pa 6 February 2023 chinali 7.8, ndipo musapusitsidwe ndi kuyandikana kwa manambalawo: mphamvu yake ndi kuwirikiza pafupifupi ka 500. Chinapeza anthu ali m'tulo, 4:17 m'bandakucha, kunja kukuzizira koopsa, ndipo patatha maola asanu ndi anayi china cha 7.5 chinadzamaliza zotsala. Anthu oposa 53,000 anafa ku Turkey kokha, osawerengera a ku Syria. Choncho amalume sakulota ayi.

Ndipo si za dzulo izi. Dzikolo lakhala pa chibenthu cha nthaka chopanikizika: cha Arabia chikukankha kuchokera kummwera, cha Eurasia chatsekereza kumpoto, ndiye lokha likutsetserekera kumadzulo pafupifupi masentimita awiri pachaka, ngati njere yonyowa ya dzungu ukaifinya ndi zala. Kumpoto kuli mng'alu waukulu wotchedwa North Anatolian Fault. Mu December 1939 unang'ambika ku Erzincan n'kupha anthu pafupifupi 33,000. Kenako unayamba kutseguka ngati zipi, kulowera kumadzulo: 1942, 1943, 1944, 1957, 1967, mpaka pa 17 August 1999 unafika ku Izmit, pakhomo penipeni pa Istanbul, cha m'ma 3 koloko usiku. Oposa 17,000 anatsikira kuli chete. Miyezi itatu isanathe, china chinagwedeza mzinda wa Düzce. Kummwera nako, Antakya amene anaphwasuka mu 2023 ndi Antiokeya yemwe uja wa m'buku la Machitidwe, ndipo anagwanso kale m'chaka cha 526.

Koma chimene chimandiwawa ine si nthaka. Nthaka ilibe mlandu, imachita zake. Mu 1999 opulumutsa anthu ankapeza zigoba za nkhono m'konkire, umboni woti omanga ankatapa mchenga wa kunyanja osautsuka, mchere n'kumadya zitsulo mkati mwa nsanamira. Boma linakhwimitsa malamulo, linayambitsa inshulansi yokakamiza ya zivomerezi yotchedwa DASK, zonse bwinobwino papepala. Ndiye mu 2018, chisankho chili pafupi, linalengeza chikhululukiro: wamanga mosatsata malamulo, lipira ndalama, nyumba yako ilembedwe m'kaundula. Nyumba mamiliyoni zinalowa momwemo. Ena ankadula nsanamira zapansi kuti shopu ikule, pamwamba pakugona mabanja. Anthu a ku Turkey amanena okha kuti chivomerezi sichipha, imapha ndi nyumba. Ine ndimati ngakhale nyumbayo tikuinamizira. Amapha ndi munthu amene anasainira.

Taonani tawuni ya Erzin, m'chigawo cha Hatay, momwe mulinso Antakya. Mu 2023 palibe nyumba inagwa n'kupha munthu. Meya wake wa nthawiyo, Ökkeş Elmasoğlu, ankadziwika ndi kukana zomanga zachinyengo, ngakhale abale ake amukwiyire. Akatswiri ena amati nthaka ya kumeneko inathandizanso, nyumba zake n'zazifupi. Chabwino, ndavomera. Komabe.

Ndikulankhula chonchi chifukwa nane ndinagwidwa m'maso. Nditayamba kumanga kanga ku Lilongwe, bildala wanga ankathira mawilibala asanu ndi atatu a mchenga pa thumba limodzi la simenti, matumba enawo akutuluka madzulo pa kabaza. Ndinazindikira nditakanda pulasitala ndi chikhadabo, n'kumayoyoka ngati ufa. Nditamufunsa za ring'i bimu anaseka: "Abwana, kuno si ku Karonga." Iye anali asanabadwe mu March 1989 pamene chivomerezi cha ku Salima chinapha anthu n'kusiya zikwi alibe pogona, Lilongwe ikugwedezeka nawo. Tili m'chigwa cha Rift Valley tonsefe, Zomba yomwe. Kodi nyumba ya amalumewo ili ndi ring'i bimu? Kawafunseni mwaulemu, musati ndakutumani ndine.

Tsono apite kapena ayi?

Sindikunamizani: Istanbul akudikira chake. Mu 1509 kunagwa china chimene eni ake anachitcha "Kutha kwa Dziko Kwakung'ono", kenako 1766 ndi 1894, ndipo akatswiri akuti gawo la mng'alu lomwe lili pansi pa nyanja ya Marmara lasunga mphamvu yotha kubala choposa 7. Tsiku palibe amalidziwa. Komabe anthu oposa 15 miliyoni amadzuka mumzindawo n'kupita kuntchito.

Apite. Asanalipire hositelo kapena chipinda, afunse chaka chimene nyumbayo inamangidwa. Ya pambuyo pa 2000 ndiyabwinoko, ya pambuyo pa 2019 kuposa apo. Apewe yakale yosanjikizana yomwe pansi pake pali mashopu a magalasi okhaokha. Kukagwedezeka asathamangire masitepe kapena lifiti: agwade, abise mutu, agwire chinthu cholimba. Nambala yangozi ndi 112. Wadulopu isakhale kumutu kwa bedi, ndipo nsapato, foni ndi pasipoti zizigona pofikira dzanja.

Ine mpaka lero bedi langa silikhudza chipupa, ndipo kiyi amagona pachitseko. Akazi anga anasiya kufunsa.