Power supply: ya 800W yosadziwika dzina kapena ya 550W ya Corsair?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Mufakose, ku Harare, mwana wa kwathu yemwe akumanga kompyuta yake yoyamba ya magemu. Purosesa adagula kale, Ryzen 5 5600, ndipo graphics card (khadi lotulutsa zithunzi pa sikirini) adapeza ya kaunjika, RTX 3060. Chatsala ndi power supply, kabokosi kolandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira zipangizo za m'kompyuta. Iye akuti: "Ndalama zandithera. M'tauni andionetsa power supply yolembedwa 800W, yotchipa, koma dzina lake sindinalimvepo. Ina ndi ya Corsair ya 550W, mtengo wake kuwirikiza kawiri. Kodi yaikuluyo si ndiye yabwino?"

Achimwene, tengani ya 550W. Ngati ndalama sizikukwana, dikirani mwezi wina, zipangizo zanuzo zikhale kaye m'makatoni.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Purosesa yanuyo ndi ya mawati (W) 65, ikapanikizika imapitirirako pang'ono. RTX 3060 imadya 170. Mukaonjezera motherboard, RAM, SSD ndi mafani, simufika ngakhale 350 gemu ili mkati. A Nvidia, eni ake a RTX, amati khadi limeneli lifunika power supply ya 550W, ndiye malo opumira alipo ndithu.

Nambala yaikulu ya pakatoni isakutengeni mtima. Bwererani kusitolo kuja, mupemphe akutulutsireni zonse ziwiri, muwerenge kapepala komatidwa pambali. Fufuzani pamene palembedwa +12V, chifukwa purosesa ndi graphics card zimamwa pamenepo. Pansi pake pali maampu. Muwachulukitse ndi 12, mupeza mawati. Ya 550W yabwino imaonetsa maampu cha m'ma 45, kutanthauza kuti pafupifupi mphamvu yake yonse ili pa 12V. Zotchipazi nthawi zambiri zimabisa gawo lalikulu pa 5V ndi 3.3V, pomwe kompyuta za masiku ano sizitapa kwenikweni, kapena zimalemba mphamvu imene zingapirire kwa kamphindi chabe. Kenako munyamule iliyonse m'manja. Yopepuka ngati chitini cha sopo chopanda kanthu, mkati mwake adamana zipangizo.

Ndikulankhula izi chifukwa zidandigwera. Kompyuta yanga yoyamba ndidaiika yotchipa ngati yomweyo. Usiku wina magetsi atabwera, ndidangomva kuti phu! kenako fungo la pulasitiki wopserera lidadzaza chipinda. Motherboard idapita nayo limodzi, ndipo ndidatha miyezi inayi ndikusonkhanso ndalama. Mpaka lero magetsi akathima ndimathamangira kukazimitsa pakhoma. Power supply yabwino imakhala ndi zotetezera, mudzaona zilembo monga OVP, OCP ndi SCP, zimene zimaizimitsa zinthu zikasokonekera isanawononge anzake.

Chizindikiro cha 80 Plus chimangonena kuti pa magetsi amene yakoka pakhoma, osachepera 80 pa 100 alionse amafika mu kompyuta, otsalawo amasanduka kutentha. Chili ndi magawo monga Bronze ndi Gold. Bronze ikukwanirani. Gold ndi yabwino ngati mukusewera pa batire ya sola, koma musadzipanikize nayo.

Pa nkhani ya sola pomwepo, kuno ku Harare ambiri tikudalira inveta (chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma), ndipo apa mpamene anthu amagwa. Power supply zamakono zili ndi chimene amati active PFC (chowongolera kakokedwe ka magetsi), ndipo zina sizigwirizana ndi inveta kapena UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima) ya mtundu wa modified sine wave. Zimalira, kapena kompyuta imangozima magetsi akasinthira ku batire. Onani pa inveta ya kunyumba kwanu ngati palembedwa pure sine wave musanalumikize. Surge protector, yoteteza zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu, nayonso mugule, siidula.

Zingwe musaziiwale. Pafunika cha mapini 24 cha motherboard, cha mapini 8 cha purosesa, ndi china cha mapini 8 cha PCIe cha khadi lanulo. Ziwiri za mapini 8 zimenezi zimafanana maonekedwe koma sizisinthanitsidwa, werengani zolembedwa pamutu pake. Wogulitsa akakuuzani kuti khadi mulumikize ndi adaputa yochokera ku Molex (pulagi yachikale ya mapini 4), mukane.

Khadi la kaunjika ndilibe nalo vuto, koma power supply mugule yatsopano, ya waranti ya zaka 3 kapena 5, ndipo lisiti mulisunge. Ikabwera kuchokera ku Johannesburg ndi pulagi ya mano obulungira, musadule chingwe. Gulani chingwe chija timati cha ketulo, cha mano atatu amakona, chilowa bwinobwino kumbuyo kwake.