Madzi a ku Kuwait ndi ochita kupanga

Abale anga amene mwangofika kumene kuno ku Kuwait, nkhani ya madzi muimvetse msanga. Dziko lino lilibe mtsinje ngakhale umodzi. Madzi akutuluka pampopi wanuwo anali amchere a m'nyanja, anthu anachita kuwakonza.

Kale eni dziko ankadalira zitsime ndi mvula yapatalipatali. Anthu atachuluka, zombo zamatanga zinayamba kukatunga madzi kumtsinje wa Shatt al-Arab, ku Iraq. Zikafika pagombe, amuna otchedwa kandari ankasenza zitini ziwiri pamtengo wopingasa paphewa n'kumagulitsa khomo ndi khomo. Mphepo ikavuta panyanja, tauni inkagona ndi ludzu. Ndalama za mafuta ndizo zinathetsa mavutowa. Mu 1951 Kuwait Oil Company inaika makina ochotsa mchere ku Mina al-Ahmadi, ndipo mu 1953 fakitale ya boma ya Shuwaikh inayamba ntchito. Amawiritsa madzi a m'nyanja, nthunzi ija n'kuiziziritsa, mchere n'kutsala. Madzi otere amatuluka ozizira mkamwa, opanda kukoma, choncho amawasakaniza pang'ono ndi apansi panthaka. Masiku ano kulinso mafakitale ongosefa, a reverse osmosis. Ngakhale Kuwait Towers, zomwe mudzajambulitsepo zithunzi, sizokongoletsa chabe ayi. Anazitsegula mu 1979, ndipo ziwiri mwa nsanja zitatuzo anazimanga kuti zizisunga madzi.

Ndiye musaope kuti madziwa anachokera m'nyanja. Chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi thanki ya padenga ndi mapaipi akale a nyumba yomwe mukukhala. Yang'anani fyuluta ya kukhitchini. Ikasanduka yofiirira, pemphani kuti aisinthe, musachite manyazi.

M'chilimwe dzuwa limaphika thankiyo moti mpopi wa madzi ozizira umawotcha khungu. Ambiri amazimitsa giza n'kumasamba madzi a m'menemo, poti ali m'nyumba ndipo amazizirako. Inu olera ana a mabwana, yesani kaye madzi ndi dzanja musanamuike mwana m'bafa, chonde.

Ndipo imwani, musadikire ludzu, pakuti kuno kumatentha mpaka kupitirira madigiri 50. M'misewu mudzaona mipopi ya madzi ozizira yotchedwa sabeel, yomwe mabanja amaika kuti aliyense wodutsa amwe ulere. Ndi yanu imeneyo. Yendani ndi botolo, mukadzaza mutseke bwino.