Tambala wa buloyila pakati pa mathadzi oikira: yankho kwa mayi amene watopa kugula anapiye

Imelo imene ndikuyankha lero yachokera kwa mayi wina amene wakhala akuweta nkhuku kuseri kwa nyumba kwa zaka zitatu. Ali ndi mathadzi 12 ofiirira a haibulidi, aja oikira pafupifupi tsiku lililonse. Funso lake ndi ili: "Ndikagula tambala wa buloyila n'kumuika pakati pa mathadzi angawa, kodi sindingapeze mtundu wonenepa msanga komanso woikira kwambiri, woti uzingodziberekera wokha, ine osagulanso anapiye?"

Mayi, cholinga chanucho n'chabwino ndipo n'chotheka. Koma tambala ameneyo musagule.

Buloyila anamukonzera moyo wa masabata 6 kapena 7. Mukamusiya azidya mmene akufunira mpaka msinkhu wokwera, pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, thupi limamulemera, miyendo imamukanika, mtima nawo umatopa. Ena amafa asanafike n'komwe, ndipo amene afika amavutika kukwera thadzi, mazira ambiri n'kungosukusa. Makampani amene amasunga makolo a mabuloyila amachita kuwayezera chakudya tsiku ndi tsiku kuti athe kubereka.

Vuto lalikulu lili m'magazi. Buloyila ndiponso thadzi lanu lofiiralo ndi mapeto a ntchito yokweranitsa mizere ingapo ya mbewu za nkhuku, kawirikawiri inayi, imene makampani amaisunga payokhapayokha. Zimenezi zinakula ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Pa mpikisano wa Chicken of Tomorrow wa mu 1948, Charles Vantress anapambana ndi nkhuku zobadwa kwa tambala wa Cornish ndi mathadzi a New Hampshire, ndipo alimi anaona okha kuti mwana wa mitundu iwiri amakula kuposa makolo ake. Mphamvu imeneyo imakhala yodzaza pa m'badwo woyamba. Ana a m'badwo woyambawo mukawakweranitsa okhaokha, pafupifupi theka la mphamvu yowonjezerayo limatayika, ndipo makhalidwe a agogo awo amatulukira mosokonekera: uyu wamkulu koma waulesi poikira, uyo woikira koma thupi lili ngati la njiwa, winayo palibe chake. Ndi malamulo a chibadwa omwe wasayansi Gregor Mendel anawaona pa nsawawa n'kuwasindikiza mu 1866.

Dziwaninso kuti nyama ndi mazira zimakokerana chingwe. Chakudya chimene nkhuku yadya chikapita kuchidale, kumazira kumapita chochepa. Nkhuku yoikira mazira 300 pachaka n'kunenepanso ngati buloyila simudzaipeza. Imene ilipo ndi ya pakatikati, yoikira mazira cha m'ma 200 pachaka, imene atambala ake amakhala okwana kupha pa masabata 16 mpaka 20. Mitundu yotereyi ndi monga Rhode Island Red, Plymouth Rock, Sussex, New Hampshire, Orpington ndi Black Australorp. Wotsirizayu anamukonza ku Australia kuchokera ku Orpington wakuda, ndipo thadzi lina la mtundu umenewu linaikira mazira 364 m'masiku 365 pa mayeso, ngakhale kuti pakhomo musayembekezere zotero. Tambala woti muyambe naye achokere mwa mitundu imeneyi.

Tsopano mfundo imene kalata yanu sinaitchule, pomwe ndi imene imagwetsa anthu ambiri: adzafungatira mazirawo ndani? Mathadzi a haibulidi anawachotsa mtima wofungatira mwadala, chifukwa thadzi likakhalira mazira limasiya kuikira. Masiku 21 lili pachisa, kenako masabata ena 6 mpaka 8 likuyenda ndi anapiye. N'chifukwa chake thadzi lachikuda lodzilerera ana limangoikira mazira pafupifupi 40 mpaka 60 pachaka. Anthu amaliderera poona chiwerengero chimenechi, koma limagwira ntchito ya makina oswetsa mazira, ya nyali yotenthetsa anapiye ndi ya mlonda wothamangitsa kabawi, zonsezo popanda magetsi. Khola lopanda thadzi lofungatira limadalirabe makina, ndipo magetsi akathima kwa nthawi yaitali mazira ali mkati, ntchito ya masabata atatu imatha kupita pachabe.

Choncho ine ndimalangiza kugawa ntchito m'khola. Pa mathadzi 12, atatu akhale amayi olera, monga achikuda aja, osankhidwa chifukwa cha kufungatira kokha. Enawo akhale oikira. Thadzi lofungatira silisankha dzira, ndiye muzilichotsera ake n'kuliikira a mathadzi amene mukufuna kuti mbewu yawo ipitirire, mazira 10 mpaka 12 malinga ndi kukula kwake. Chitani zimenezi madzulo kutada, likadekha. Mazirawo asapitirire sabata imodzi chiikirireni, akhale oyera osatsuka, ndipo muwalembe ndi pensulo. Kulembako n'kofunika kuposa mmene kumaonekera. Mathadzi ena amakonda kulowerera pachisa cha mnzawo n'kuikirapo, ndiye ngati simuchotsa mazira osalembedwawo tsiku ndi tsiku, anapiye oyamba akaswa mayi amanyamuka nawo, ochedwawo n'kuferamo. Pa tsiku la 7 mpaka 10 unikani dzira lililonse ndi tochi mumdima. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ngati ukonde wa kangaude, losukusa limangowala mbee. Limenelo chotsani lisanaphulike.

Mathadzi anu ofiirawo musawataye. Tambala wa Rhode Island Red kapena Australorp akawakwera, misoti yobadwayo imaikira bwino ndithu, kungoti sidzafanana. Amenewo ndi maziko okwanira. Ngati mukukhala kotentha, ganiziraninso zolowetsa magazi a kameta, ija yopanda nthenga m'khosi. Khalidwe limeneli limaonekera ngakhale litachokera kwa kholo limodzi, ndipo kuchepa kwa nthengako kumathandiza nkhuku kupirira kutentha. Pososola naponso imafulumira.

Pali kanthu kena kosangalatsa kamene mungakumane nako. Tambala wofiira wa Rhode Island Red akakwera thadzi loyera la Light Sussex, anapiye aakazi amabadwa ofiirira, aamuna otuwa mopita kuchikasu, moti mumawasiyanitsa tsiku lomwe aswa. Tambala wopanda mizere akakwera thadzi la mizeremizere la Barred Plymouth Rock, aamuna amabadwa ndi kadontho koyera pamutu. Zimatero chifukwa kwa nkhuku, thadzi limapatsira makhalidwe amenewa kwa ana ake aamuna okha. Mukatembenuza, tambala n'kukhala woyerayo, sizitheka, ndipo pa m'badwo wachiwiri chizindikirocho chimasowa.

Ine pamene ndinalakwa kwambiri ndi pa nkhani ya chibale. Ndinali ndi tambala wofiira, wamtali, wa lipombo loima bwino, wofatsa kwa ana koma wolusa kwa agalu. Akapeza chiswe ankaitana mathadzi iye osadya. Ndinamukonda, ndipo ndinamusunga zaka zitatu akukwera ana ake, kenako zidzukulu zake. Chaka chachitatu ndinayamba kupeza anapiye ofera m'chikamba atagogomola kale, kamlomo kali panja. Ena ankaswa ndi zala zopindika, ena ankangozizidwa sabata yoyamba n'kufa popanda matenda ooneka. Ndinasintha chakudya, ndinathira mankhwala a utitiri, ndinasintha zisa. Zinatha nditabweretsa tambala wachilendo. Mpaka lero ndimamva chisoni ndikakumbukira anapiye amene aja, chifukwa wolakwa ndinali ine.

Kukwerana pachibale kamodzi sikugwetsa khola. Choopsa ndi kubwerezabwereza. Pa khola laling'ono ngati lanu, njira yapafupi ndi kusintha tambala chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri, kutenga kwa munthu amene nkhuku zake sizinachokere kwa inu. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 8 mpaka 10. Ngati mukufuna kusadalira aliyense, gawani nkhuku m'mafuko atatu, lililonse ndi mtundu wake wa kachingwe kumwendo, tinene lofiira, lobiriwira ndi loyera. Mwanapiye aliyense amatsata fuko la mayi ake. Misoti imakhala m'fuko lomwelo moyo wake wonse, koma chaka chilichonse tambala wabwino wa fuko lofiira amapita kwa mathadzi obiriwira, wobiriwira kwa oyera, woyera kwa ofiira. Sizifuna makola atatu chaka chonse. Mumangowalekanitsa nyengo yotolera mazira a mbewu.

Ntchito imene imapangadi mtundu wanu ndi kusankha, ndipo imachitika ndi manja, nkhuku ili m'manja mwanu. Pafupifupi theka la anapiye onse amakhala atambala, ndipo nyama yanu ndi imeneyo. Chizolowezi cha ambirife ndi kuyamba kupha wonenepa, chifukwa ndi amene amakopa maso. Mukatero zaka zisanu, mudzadabwa nkhuku zanu zikucheperachepera, poti wosiya mbewu amakhala wotsalira uja. Pa masabata 16 agwireni onse usiku ali pamtanda, muwayeze pasikelo, mupapase chidale. Fupa la pachifuwa likhale lowongoka, nyama itadzaza mbali zonse ziwiri, msana wotambalala, miyendo yoima motalikirana. Awiri opambana amangeni chingwe kumwendo, mpeni usawakhudze. Wachiwiriyo ndi wodikirira, poti tambala amatha kufa mwadzidzidzi.

Thadzi nalo limadziulula. Lipapaseni kumbuyo, pali timafupa tiwiri m'mbali mwa potulukira dzira. Loikira bwino pamalowa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa timafupato, mimba imakhala yofewa, lipombo lofiira ndi lofunda. Limene laleka pamalowa chala chimodzi, lipombo lofota ndi lotuwa. Musaliweruze pa nyengo yothothoka nthenga kapena likamalera, chifukwa nthawi zimenezo ngakhale labwino limatseka. Mazira a mbewu muzitenga makamaka kwa mathadzi a chaka chachiwiri amene akuikirabe ndipo sanadwalepo, popeza awonetsa kale kulimba kwawo.

Tiwerengere pamodzi. Kuti mathadzi 12 asakalambire limodzi, muzilowetsa misoti inayi kapena isanu chaka chilichonse. Kuti mupeze isanu yabwino mufunika kukhala ndi yosankhapo, tinene khumi, ndiye kuti anapiye okula 20, kuphatikizapo atambala khumi. Poti ena saswa ndipo ena amafa ali aang'ono, ikani mazira 30 kapena kuposerapo. Amenewo ndi maulendo atatu a kufungatira, ofanana ndi amayi olera atatu aja. Mukafuna nyama yambiri, aliyense afungatire kawiri.

Tambala watsopanoyo akafika, musamuponye m'khola tsiku lomwelo. Akhale payekha masabata atatu kapena anayi mukumuyang'ana maso, mphuno, chitosi ndi pansi pa mapiko, ndipo katemera wa chitopa akhale atalandira pamodzi ndi nkhuku zanu zonse. Kumbukiraninso kuti thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi kwa masabata awiri kapena atatu. Ngati munali tambala wina kale, muchotseni, dikirani mwezi wathunthu, ndiyeno muyambe kulemba mazira ndi pensulo ija.