Kodi mankhwala omana chotupa magazi angalowe m'malo mwa kemotherapi?

Funso: Adokotala, mayi anga ali ndi khansa ya m'matumbo aakulu yomwe yafalikira kuchiwindi, ndipo madokotala akufuna kuwonjezera mankhwala otchedwa bevacizumab pa kemotherapi (mankhwala opha maselo a khansa) imene akulandira. Akuti mankhwalawa amamana chotupa magazi. Kodi sangangolandira okhawa n'kusiya kemotherapi, poti imawafooketsa kwambiri?

Yankho: Chotupa cha khansa sichingakule kupitirira mamilimita awiri popanda magazi ochibweretsera chakudya ndi okosijeni. Chikafika msinkhu umenewu, maselo ake amatulutsa puloteni yotchedwa VEGF, imene imachititsa mitsempha yapafupi kuphuka timitsempha tatsopano tolowa m'chotupacho, ndipo timitsempha tomweti timatsegulanso njira yoti khansa ifike ku ziwalo zina. Dokotala wa ku America, Judah Folkman, analemba mu 1971 kuti kuletsa timitsemphati kungaimitse chotupa, koma mankhwala oyamba ogwira VEGF, omwe ndi bevacizumab, anavomerezedwa mu 2004. Amaperekedwa kudzera m'diripu masabata awiri kapena atatu alionse. Palinso ena akumwa, monga sunitinib ndi sorafenib, othandiza pa khansa ya impso, ndipo sorafenib amaperekedwanso pa khansa yoyambira m'chiwindi.

Kusiya kemotherapi sindingakulangizeni. Bevacizumab sapha maselo a khansa mwachindunji. Amangochedwetsa kukula kwa chotupa, ndipo pakapita nthawi chotupa chimapeza njira zina zokopera mitsempha. Pa kafukufuku amene anachititsa kuti avomerezedwe, odwala khansa ya m'matumbo yofalikira omwe analandira mankhwala onse awiri anakhala ndi moyo miyezi pafupifupi 20, pamene olandira kemotherapi yokha anakhala miyezi pafupifupi 16. Phindu limeneli ndi lenileni, koma si kuchira, ndipo linaoneka mankhwalawo ataphatikizidwa. Ngati kufooka kwa mayi kwanyanya, dokotala wawo angathe kuchepetsa mlingo wa kemotherapi kapena kusintha mtundu wake.

Popeza thupi lathanzi nalonso limadalira VEGF, bevacizumab amakweza kuthamanga kwa magazi, amachedwetsa kupola kwa zilonda, amatha kuyambitsa kutaya magazi kapena kuundana kwake, komanso kutulutsa puloteni mumkodzo. N'chifukwa chake amaimitsidwa masiku osachepera 28 opaleshoni isanachitike, ndipo ngakhale pofuna kuzula dzino ayenera kufunsa kaye dokotala wawo. Mayi akamva kupweteka kwambiri m'mimba mwadzidzidzi, akaona magazi m'chimbudzi, mwendo ukatupa kapena akayamba kubanika, apite kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mwa odwala ochepa matumbo amabooka kapena magazi amaundana n'kutseka mtsempha wa m'mapapo.